Za kanema wa apongozi anga ndi ambulera uja

Inde, amene akukwapula injini ndi ambulera mu kanema mukutumiziranayo ndi apongozi anga. Bambo wa suti wayima pambali atakolekera chikwama chachizimayi pamkono uja ndine. Koma wojambulayo anayambira pakati, ndiye tamvani kaye.

Galimotoyo si chiphapha monga mukulembera. Ndi Morris Minor 1000 ya 1959 ya denga la lona, yopangidwa ku Cowley, mu Oxford. Anaikonza ndi Alec Issigonis, yemwe uja anakonzanso galimoto ya Mini. Mwini kampani, Lord Nuffield, ataiona koyamba anati ikuoneka ngati dzira lophika, koma kuchokera mu 1948 dziralo linagulidwa mpaka kukhala galimoto yoyamba ya ku Britain kukwana miliyoni.

Wondigulitsa analumbira kuti mwini wake anali mmodzi, gogo wina wongopita nayo kutchalitchi. Nditatsegula bulubuku yake yakale, maina ndi masitampa mbwee mpaka tsamba lomaliza. Ngati gogoyo anali mmodzi, ndiye kuti ankasintha dzina ndi nyumba chaka chilichonse, nthawi zina n'kusanduka mwamuna. Omaliza kukhalamo zinali nkhuku, umboni wake ndinaukolopa ndekha.

Pansi ponse panali dzimbiri, ukakhala pampando msewu kumauona pakati pa mapazi. Galimoto yopanda denga lachitsulo mphamvu yake ili m'zitsulo za kunsi kwa zitseko, ndipo zikadyeka imawerama pakati, zitseko osatsekeka. Wowotcherera anadya zake, wa penti zake, wa lona zake. Mayi a Tadala amati ndalama zofolera nyumba yathu ku Mchinji ndinagulira chinthu chopanda denga. Lona si denga kodi?

Chomwe sindinasinthe ndi pampu ya petulo. Ndi yamagetsi, ya kampani ya SU, ukatsegula kiyi imati tiki-tiki-tiki. Ikakalamba imagona pa ntchito, ndipo aliyense woidziwa Minor adzakuuzani kuti umangoigogoda pang'ono, yadzuka. Si matenda amenewo, ndi khalidwe.

Apongozi atabwera kuno ku England kudzaona adzukulu, ndinati ndiwayendetse, galimotonso ikaoneko kwawo ku Cowley. Anakhala kumbuyo, duku atamangitsa, osayankhula. Tili pakamwa penipeni pa raundabauti, tiki-tiki uja zii.

Ndinatsika mwaulemu, ndinatsegula boneti, ndinagogoda ndi chala. Zii. Sipanala ndinali nditaisiya kunyumba chifukwa ndinkaikhulupirira ntchito yanga. Ndinayesa ndi nsapato. Kumbuyo mahutala, basi yosanjikiza yayima, anthu a m'mwamba atakanikiza nkhope pa magalasi. Kenako ndinangomva, "Bambo a Tadala, tandigwirirani ichi."

Anzanga, mayi amene chikwatire sindinawayang'anepo m'maso anandipatsa chikwama. Ndinalandira ndi manja awiri, bondo nditapinda, pakati pa msewu wa Angerezi. Anafunsa kuti, "Chikuvutacho n'chiti?" Ndinaloza. Anakonza chitenje, anatembenuza ambulera kuti chigwiriro chikhale kutsogolo, n'kuiyang'ana pampuyo kwa kanthawi, mmene amayang'anira mbuzi yolowa m'dimba. Pha! Phokoso lake ndikhulupirira linamveka ku London. Pha! Kachitatu anawonjeza ndi mawu: "Iwe, usatichititse manyazi kwa eni dziko." Tiki-tiki-tiki-tiki. Sinalirepo mwachangu choncho chiigulire. M'basi muja anaomba m'manja, apongozi n'kuwagwadira pang'ono, ine chikwama chidakali pamkono chifukwa palibe anandiuza kuti ndibweze.

Pamene mukusekapo kuti ndinathawa pomwe ambulera inakwezedwanso, sindinathawe. Ndinapereka malo.

Muzindikire kuti wodziwa pomenya ndinali ine. Iwo anangobweretsa mphamvu. Komanso kamkono kolozera kokhota, kamene kamatuluka m'mbali mwa Minor za zaka zimenezo, kanagwira ntchito bwinobwino ulendo wonse, koma zimenezo palibe anajambula.

Pobwerera inagonanso, ndipo apongozi sanadikire kupemphedwa. Atafika kunyumba anangouza mwana wawo kuti galimoto ndi yabwino koma ndi yamwano. Pampu yatsopano ndaitanitsa. Akuti ifika Lachinayi, kaya.