Zaka 5 chigulireni makina athu oyamba, komanso chifukwa chomwe timavutira pa nkhani ya zithunzi

Abale anga mwezi uno takwanitsa zaka 5 chigulireni makina athu oyamba opulintira ma banner, ndipo sabata yathayi achiwiri afika, a mamita 3.2 m'lifupi. Mtima wanga uli dyokodyoko ndithu, ndiye ndati ndilembeko komwe tachokera komanso ndiwayankhe makasitomala aja amadandaula kuti ife timavuta, akatitumizira chithunzi timawauza kuti atumizenso china.

Ndinayamba mu 2019 ndi kalaputopu kakale pakhonde ku Kawale, ndimapanga dizaini pa CorelDRAW kenako minibasi ulendo wa ku Old Town kukapulintitsa kwa ena, phindu lonse kumathera munjira. Mu 2021 mayi a kunyumba anatenga ndalama ku banki nkhonde, ine ndinawonjezera ya katapila, tinagula makina a mamita 1.6 ogwirapo kale ntchito. Kwa inu bwana amene munkabwera pashopu tsiku lobweza lisanakwane nkumawayendera makina aja uku ndi uku ngati ndi anu kale, ndalama yanu tinabweza yonse ndi chiwongoladzanja chake chosamva chisonicho, makina aja alipobe ndipo akugwira mpaka lero.

2022 inatifinya. Namondwe Ana ataononga ku Kapichira mu January magetsi ankangobwera usiku, tinkagona pashopu pompo kudikirira, ndipo makina awa akakhala osayaka inki imauma mu head, kachipangizo kamene kamapopera inki populinta. Mu May Kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44, pomwe inki ndi PVC, chipepala cha pulasitiki chomwe timapulintapo ma banner, zonse nzochokera kunja. Palinso wina anatigulitsa inki akulumbira kuti ndi yeniyeni, inatiphera head pasanathe mwezi, akudzidziwa yekha.

Koma zonsezi sizinandipweteke ngati nkhani ya chiliza ija.

Munali mu September 2022. Kunabwera mayi wina, woyamba kubadwa m'banja lawo, akufuna banner ya mamita 2 kutalika yokhala ndi nkhope ya malemu amayi awo, ya pa mwambo wovundukula chiliza kumudzi ku Dedza. Chithunzi anatitumizira pa WhatsApp, ndipo chinali screenshot ya chithunzi chomwe chinayenda kale m'magulupu a pachibale kambirimbiri. Pa foni chinkaoneka bwinobwino. Pa kompyuta ndinaona kuti nchaching'ono, nkhope yonse inali ndi ma pixel, timadontho topanga chithunzi, ngati 600 kuchoka pamwamba kufika pansi, koma nthawi imeneyo katapila ali pakhosi, magetsi angobwera kumene cha m'ma 11 usiku, ndinangoti zituluka basi. Ndinapulinta.

M'mawa titaitambasula pansi mayi aja anayang'ana nthawi yaitali osayankhula kanthu. Kenako anangoti, achimwene, awa si amayi anga. Sanakalipe, misozi yokha. Nkhope inali timabokosi tokhatokha, kalikonse kukula ngati njere ya mapira, maso osaoneka kuti ndi maso, duku ndi chipumi zitasakanikirana. Mwambo unali mawa lake ndipo galimoto ya abale inali ikudikira panja. Ndinawapepesa ndikuwafunsa kuti mayi, kulibe chithunzi chenicheni chapepala kwinakwake? Anakumbukira kuti chilipo mu album kwa azakhali awo ku Area 25. Ndinakwera kabaza kukachitenga ndekha. Kanali kachithunzi ka masentimita 10 kwa 15, tinakasikana pa 1200 dpi, ndiye kuti timadontho 1200 pa inchi iliyonse, nkupeza ma pixel pafupifupi 7,200 m'litali, tinafufuta tizipsera, nkupulintanso usiku pa jenereta yobwereka. PVC, inki ndi mafuta zonse zinatuluka m'thumba mwanga ndipo sindinawalipiritse kawiri. Atabwera m'bandakucha anagwira nkhope ija ndi dzanja nkunena kuti eya, ndi awa.

Kuyambira tsiku limenelo fayilo iliyonse timayamba taiyeza tisanayatse makina. Ndikufotokozereni masamu ake, si ovuta. Chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho, ma pixel aja, ndipo dpi ndi kuchuluka kwa timadonthoto pa inchi imodzi ikapulintidwa. Mita imodzi ndi mainchi 39 ndi pang'ono. Ndiye roll-up, banner yoimika yokha pa chitsulo chake, ya masentimita 85 kwa 200, yomwe anthu amaima nayo pafupi nkumajambulitsa, kuti ituluke bwino pa 100 dpi ikufuna ma pixel pafupifupi 3,350 kwa 7,900. Tsono WhatsApp mukatumiza mwa nthawi zonse imachifinya chithunzi kufika ma pixel ngati 1,600 mbali yaitali, mukachikoka pa mamita 2 ndiye kuti ndi 20 dpi basi. Pa billboard ya pa msewu yomwe munthu akuiona ali mu minibasi patali 20 kapena 30 dpi imakwana ndithu, diso silingaone timabokosi, koma pa backdrop ya ukwati kapena chinkhoswe pomwe akwati akhala pompo ndi kamera ili pamphuno, ayi sizingatheke. 300 dpi yomwe ambiri amaitchula ndi ya zinthu zogwira m'manja ngati makadi a ukwati ndi ma business card, pa banner yaikulu ingolemeretsa fayilo mpaka kompyuta kuima.

Ndipo chonde anyamata anga a dizaini, kulowa mu Photoshop nkusintha nambala kuchoka pa 72 kulemba 300 sikuwonjezera chilichonse chomwe kamera sinajambule, mumangopeza chithunzi chachikulu koma chachimbuuzi. Izi ndimaziona pafupifupi sabata iliyonse ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa dizaini imakhala yokongola, munthu wataya usiku wonse.

Ndiye mukamatitumizira, tumizani chithunzi chochokera mu foni kapena kamera yomwe inajambula, ngati document osati ngati photo, kapena bwerani nacho pa flash. Foni ya 12 megapixel imatulutsa ma pixel 4,000 kwa 3,000, amenewo pa mita imodzi ndi okwana bwino. Chotsitsa pa Facebook ndi screenshot ayi. Logo ya mpingo, sukulu kapena kampani ikhale ya vector, yopangidwa ndi mizere osati ma pixel, fayilo ya PDF kaya CDR kaya AI, malemba atasandutsidwa ma curves, ndiye kuti zojambula osati zilembo zotaipa, kuti font isasinthe ikafika kwathu, logo yotero ngakhale muikoke mamita 10 siisweka. Mitundu ikhale CMYK, ija ya inki yopulintira osati ya pa sikirini, chifukwa buluu ndi girini wowala wa pa sikirini amatuluka wozimirirako pa PVC. Musiyenso masentimita ngati 5 m'mbali opanda mawu, timapindapo ndi kuboola moika zingwe, nambala ya foni ingadyedwe ndi eyelet, kachitsulo kozungulira kamene timaika pabowo.

Ndithokoze Mulungu amene watisunga m'zaka zonsezi. Mayi a kunyumba, inu munandikhulupirira pomwe ndinalibe ngakhale mpando wa kasitomala, zikomo. Amayi a ku banki nkhonde aja anapirira nafe miyezi yomwe tinachedwa, anyamata anga atatu amene agona nane pa makatoni kudikira magetsi, mkulu wotikonzera makina amene amadzuka ngakhale pakati pa usiku, a kabaza otinyamulira ma roll dzuwa likuswa mtengo, azibusa, ma komiti a maukwati, aphunzitsi akulu, eni ma saluni ndi ma shopu amene mumabwerabwera ndi kutumanso anzanu, Mulungu akudalitseni nonse. Ndi inu mayi a ku Dedza, munatibweretsera makasitomala ambiri kuposa munthu wina aliyense ngakhale tinayamba ndi kukulizani, sindidzaiwala.

Pano ndi makina atsopanowa backdrop ya mamita 3 ikutuluka yathunthu yopanda msoko pakati, zolumikiza zija zatha. Kuyeza fayilo ndi kwaulere, ndipo ngati pali nkhope ya munthu timayamba tapulinta kachidutswa ka nkhopeyo pa saizi yake yeniyeni kuti muone ndi maso anu musanalipire. Muli ndi chithunzi chakale chapepala cha agogo kapena malemu, bwerani nacho tidzasikana konkuno ndikukubwezerani pompo. A maukwati ndi ziliza bwerani kudakali masiku atatu kapena anayi, tili ku Old Town kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, 7:30 mpaka 5 madzulo, a kutali tilembereni ku inbox timatumiza pa basi.