Milimita imodzi yokha

Makoswe anali atandisautsa m'khola la nkhuku kwathu ku Zolozolo. Thumba la chakudya lomwe linkatha masabata atatu linayamba kutha awiri, ndipo mankhwala ndinkawaopa poti nkhuku imatola chilichonse. Ndinapita ku Katoto kukabwereka mfuti ya mpweya kwa alamu anga, ija yothyola pakati kuti sipuling'i ikokeke. Pondipatsa anati, "Alamu, mapeleti andithera. Mukagule a 5.5." Ndinavomera ndi mutu, maganizo ali pa khoswe.

M'sitolo m'tauni ndinapeza zitini ziwiri. Cha 5.5 chinali ndi mapeleti 250, cha 4.5 chinali ndi 500, mtengo wake n'kukhalanso wotsikirapo. Ine masamu ndinakhoza ku sekondale. Manambalawa ndi kunenepa kwa peleti m'mamilimita, tsono milimita imodzi n'chiyani? Ndinatuluka ndi cha 4.5 ndikuwamvera chisoni alamu chifukwa chosadziwa kugula.

Peleti ndi kamtovu kooneka ngati kabelu: kutsogolo mutu, kumbuyo kasiketi kopyapyala. Mpweya ukaikankha, kasiketiko kamatambasuka n'kugwira mizere ya m'kati mwa mpope, ndiye mpweya suthawira m'mbali ndipo peleti imatuluka ikuzungulira, n'kuyenda mowongoka. Ya 4.5 imalemera pafupifupi theka la galamu, ya 5.5 pafupifupi galamu yathunthu. Ya 4.5 ikalowa mumpope wa 5.5 imakhala ngati mwana wavala gambuti za bambo ake. Izi ndikuzidziwa lero.

Usikuwo munali mu June, kuzizira kwa Mzuzu kuja kolowa m'mafupa. Ndinavala majekete awiri, tochi kukamwa, n'kukhala pa ndowa. Khoswe anabwera wonenepa ngati mbira. Ndinathyola mfuti, kuika peleti, kutseka, n'kuloza pansi pomwe anali. Ndisanakhudze n'komwe chowombera, peleti inagubuduka yokha mumpope n'kugwera m'chodyera nkhuku, kwee. Khoswe anainunkhiza, anaona kuti si chimanga, anapitiriza kudya.

Yachiwiri ndinaiwomba mwachangu isanagwe. Mfuti inalira ngati wamenya hamala pachitsulo, peleti n'kukagunda lata kutali ndi khoswe. Kulira kumeneko kunali pisitoni, kachitsulo komwe sipuling'i imakankha kuti kapanikize mpweya. Peleti yothina bwino imatsekereza mpweya kwakanthawi, mpweyawo n'kukhala ngati pilo woimitsa pisitoni. Popanda pilo, pisitoni imakadzimenya kumapeto ndi mphamvu yonse ya sipuling'i. Ine ndinagamula kuti mfuti yauma.

Ndinalowa m'nyumba mwakachetechete, kutenga mafuta a makina osokera a mayi a Tadala, n'kuthira pakabowo kotulukira mpweya. Osati dontho ayi, chivindikiro chodzaza. Peleti ndinaikulunga ndi kachidutswa ka jumbo kuti ithine. Tsono mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, ndipo mafuta otere amayaka okha, monga mmene dizilo amayakira mu injini popanda pulagi.

Phuu! Utsi thoo m'khola monse, fungo ngati minibasi yokwera chitunda cha ku Nkhata Bay. Nkhuku makumi anayi zinauluka pamodzi, tochi inagwera m'madzi akumwa, agalu a m'dera lonse anayamba kuuwa. Aneba athu anakuwa m'Chitumbuka kuti kwabwera akuba, "Ŵankhungu! Ŵankhungu!" Posakhalitsa anyamata olondera anafika ndi mawezulo ndi zibonga, n'kundipeza ndikukwawa pakhomo la khola, nthenga m'mutu. Mmodzi anali atandigwira kale kolala pomwe mayi a Tadala anatuluka atafunda chitenje.

"Musiyeni, ndi wathu," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Bambo a Tadala, mwaphako angati?"

M'mawa alamu anamasula mfuti pa tebulo osalankhula. Labala ya kutsogolo kwa pisitoni inali itapsa m'mbali, sipuling'i itathyoka pawiri. Anandilozera pampope, pafupi ndi pothyolera, pomwe panadindidwa 5.5 ndi .22 moonekeratu. Kenako phunziro linayamba. Mafuta olowa m'chipinda cha mpweya ndi a silikoni okha, dontho limodzi kapena awiri, patapita nthawi yaitali. Wofuna chitini chimodzi chogwira ntchito zonse agule mapeleti a mutu wozungulira, chifukwa amayenda mowongoka pafupi ndi patali pomwe. A mutu wophwatalala ndi oboolera pepala pa mamita 10, ndipo osongoka aja amaoneka aukali m'chitini koma kawirikawiri amamwazika. Anawonjeza kuti anandiona ndikuika mapeleti kukamwa powawerenga, ndisiye, ndi mtovu umenewo.

Sipuling'i ndi labala tinachita kuitanitsa ku Lilongwe, ndalama yake yokwana zitini zingapo za 5.5. Nkhuku zinanyanyala kuikira masiku anayi. Khoswe uja anagwidwa Loweruka ndi msampha wa waya womwe Tadala anagula mumsika, nyambo yake kachidutswa ka usipa. Mapeleti 497 otsalawo ali m'chitini chawo, mayi a Tadala amatsamiritsira chitseko cha khola.