Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo Lachitatu: Nyumba Yaikulu ya Pafamu

M'gawo lapitali ndinafotokoza za kubadwa kwanga m'komboni ya pafamu ina ya fodya kum'mawa kwa Harare, chakumbali ya Goromonzi, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzanena za nyumba yaikulu imene inali kumtunda kwa komboniyo. Sindingathe kulongosola za makolo anga popanda kulongosola za nyumbayi, pakuti agogo anga aamuna anaphikamo mpaka ukalamba, bambo anga ankakonza denga ndi mipope yake, ndipo amayi anga ankachapa ndi kusita zovala za eni ake, ngakhale kuti panalibe mmodzi yemwe mwa iwo amene anagonamo.

Nyumbayo inamangidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi njerwa zowotcha zoumbidwa kudambo la pafamu pomwepo. Inali ndi khonde lalikulu lozungulira mbali zitatu, denga la malata opakidwa utoto wofiira, ndi pansi pa simenti pamene pankapolishidwa m'mawa uliwonse mpaka kunyezimira. Khitchini inali kuseri, ndipo munali mbaula yankhuni ya Dover, pamene panja panali mgolo woikidwa pa ng'anjo ya njerwa, umene unkasonkhezeredwa moto mbandakucha kuti bwana ndi dona asambe madzi otentha. Msewu wolowera unali ndi mitengo ya jacaranda mbali zonse ziwiri, ndipo kumunsi kwake kunali nkhalango ya bulugama yodulamo nkhuni zochizira fodya.

Komabe mbiri ya malowo siyambira pa njerwa. Kuseri kwa nyumbayo kuli kaphiri ka miyala, ndipo ife ana tikamasewera kumeneko tinkatola mapale ndi kuona mphero zakale zokumbika pathanthwe. Amenewo anali mabwinja a mudzi wa Ashona amene ankakhala pamenepo azungu asanafike mu 1890 ndi kukhazikitsa Fort Salisbury, pamene lero pali mzinda wa Harare. Malo abwino atagawidwa kukhala mafamu, eni nthaka anakankhidwira kumadera osungirako anthu akuda monga Chinamhora ndi Chikwaka, ndipo lamulo logawa malo la mu 1930 linatsimikiza zimenezi popatsa azungu pafupifupi theka la dziko lonse. Agogo ankatiuza za nkhalamba ina yochokera ku Chikwaka imene chilimwe chilichonse inkabwera wapansi, kuvula chipewa pakhomo la khitchini, ndi kuwapempha kuti akaipemphere chilolezo kwa bwana choti ikasese manda a makolo ake pakaphiripo. Banja limenelo ndimaliwerenga kukhala loyamba, ngakhale kuti dzina lake silinalembedwe pa chikalata chilichonse cha malo.

Mzungu amene anamanga nyumbayo ankalima chimanga ndi kuweta ng'ombe, ndipo mitengo ya mbewu itagwa m'zaka za m'ma 1930 anasauka, mwakuti famuyo inakhala nthawi yaitali yosasamalika. Amene anaidzutsa anali msilikali wobwera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inatha mu 1945, pakuti boma la Southern Rhodesia linkathandiza asilikali achizungu ndi malo ndi ngongole, pamene asilikali akuda amene anamenya nkhondo yomweyo sanaone mwayi wotere. Inali nthawi imene Britain inkagula fodya wambiri wa ku Rhodesia chifukwa chosowa madola ogulira wa ku America, choncho msilikaliyo anamanga mzere wa mabalani aatali a njerwa, nayamba kufunafuna manja. Ashona ambiri ankakonda kulima minda yawo kusiyana ndi kulembedwa ntchito pa nthaka imene analandidwa, ndipo n'chifukwa chake makomboni a m'mafamu anadzaza ndi anthu a ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia.

Agogo anga anachoka kwawo ku Dedza njala ya mu 1949 itangotha, ali mnyamata amene anali atangokwatira kumene ndiponso wosowa ndalama ya msonkho. Anakwera malole a Ulere, amene boma la Rhodesia linkatumiza kukanyamula antchito, anawoloka Zambezi pa Tete ndi pantoni popeza mlatho kunalibe, nadzera ku Mutoko mpaka kufika ku Salisbury ndi chitupa m'thumba. Cholinga chawo chinali chogwira ntchito zaka ziwiri zokha, kugula njinga ndi makina osokera, n'kubwerera. Koma malipiro anali ochepa, phoso linali ufa, nyemba, mchere ndi kanyama kamodzi pa sabata, ndipo sitolo ya pafamu inkakongoza mosavuta, kotero kuti pakutha pa mwezi munthu ankapezeka kuti wadyeratu ndalama zake. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, agogo aakazi anawatsatira, ndipo kuyambira pamenepo abale a ku Dedza anayamba kuwawerengera m'gulu la matchona.

Ntchito yawo yoyamba inali yosonkhezera moto wa m'mabalani, imene imafuna munthu wosagona, pakuti fodya wa Virginia amachizidwa pafupifupi sabata yathunthu ndi kutentha kodutsa m'mipope yachitsulo, ndipo moto ukachuluka tsamba limapserera, ukachepa limaola. Bwanayo ataona kuti balani la agogo silinawonongepo fodya, anawatengera kukhitchini, kumene anaphunzira kuphika buledi, supu ndi nyama yowotcha mu uvuni. Ankalowa m'nyumbamo kusanache ndi kutuluka usiku mbale zonse zitatsukidwa, atavala yunifomu yoyera, ndipo ana a bwanayo, amene anawabereka kumsana ndi kuwaphunzitsa kudya nsima, ankawaitana ndi dzina lawo loyamba ngati mnzawo wosewera naye. Chimenechi chinkawapweteka agogo aakazi kuposa umphawi, ndipo ankanena kuti: "APhiri, kumudzi kuja mukanakhala munthu woweruza milandu, koma kuno mwana wa dzulodzuloli akukutchulani dzina." Agogo ankangoyankha kuti: "Zisiyeni, mayi, mlendo ndi mame. Kaya ndi ife kaya ndi iwo, wina adzakamuka."

Kukomboni agogo anali munthu wina. Kumeneko anali mkulu wa mpingo wa CCAP, ndipo Lamulungu ankalalikira m'Chichewa m'kachisi waudzu. Pafupi pomwepo Ayao anali ndi mzikiti wawo, ndipo m'nkhalango ya bulugama munali dambwe, mwakuti pakagwa maliro a munthu wolowa, Gule Wamkulu ankatuluka monga momwe amatulukira ku Dedza kapena ku Mchinji. Ndimayamikira kwambiri anthu amenewa, chifukwa ndi njerwa zosawotcha ndi udzu anamanga mudzi weniweni pa nthaka ya mwini, nasunga chinenero chimene ndikulemberachi.

Nkhondo yomenyera ufulu itakula m'zaka za m'ma 1970, nyumba yaikulu inasintha maonekedwe. Anaizunguliza ndi mpanda wautali wawaya, anaunjika matumba a mchenga m'mawindo, ndipo m'chipinda chogona anaikamo wailesi ya Agric-Alert yoitanira thandizo. Mwana wamwamuna wa bwana ankapita kutchire ndi asilikali a boma la Ian Smith. Wophika anali pa mpanipani woopsa, pakuti masana bwana ankamukayikira kuti akudyetsa anyamata a m'tchire, ndipo usiku anyamatawo ankamukayikira kuti akuulula zinsinsi kwa bwana. Bambo anga amakumbukira kuti m'zaka zimenezo agogo anaonda kwambiri ndipo anasiya kucheza pabwalo madzulo.

Dziko litalandira ufulu mu 1980, mwana uja ndiye anatenga famu, ndipo banja lake ndi limene ine ndinalidziwa. Linamanga sukulu yapulaimale imene ndinaphunziramo, dona ankagawa mankhwala pakhonde m'mawa, ndipo pa chilala cha mu 1992 palibe amene anagona ndi njala m'komboni, ngakhale kuti nsima yake inali ya chimanga chachikasu. Zimenezi sindingazibise. Sindingabisenso kuti agogo atafooka miyendo anangopatsidwa wotchi ndi chilolezo chokhalabe m'kanyumba kawo, popanda penshoni yoti n'kudalira, ndiponso kuti ine, amene ndinkawatengera ndodo yawo popita kukalonjera, sindinapitirirepo pakhomo la khitchini. Anamwalira asanaonenso Dedza, ndipo tinawaika kumanda a antchito kuseri kwa bulugama, kumene agogo aakazi anawatsatira patapita zaka zochepa.

Kulanda mafamu kunayamba mu 2000, anthu atangokana malamulo atsopano a dziko pa riferendamu ya mu February, ndipo kwathu kunafika patapita zaka ziwiri. Banja la azungu linapakira katundu pa malole masiku ochepa okha, linakakhala m'tauni, kenaka linasamukira ku Australia. Munda wakumunsi unagawidwa m'mapuloti aang'ono otchedwa A1, ndipo ena mwa amene analandira anali adzukulu a nkhalamba ija ya ku Chikwaka. Mtima wanga sunawawidwe nawo, pakuti anabwerera pa nthaka ya makolo awo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pogawapo palibe amene anawerengera anthu a m'komboni. Ankatitcha mabhurandaya, anthu opanda kwawo, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti ambiri obadwira momwemo, monga bambo anga, aziwerengedwa ngati alendo chifukwa chakuti makolo awo anachokera kunja. Bambo anali asanapondepo Malawi, kumidzi ya Ashona analibeko munda, ndipo ntchito ndi nyumba zinatha tsiku limodzi.

Nyumba yaikulu pamodzi ndi minda yoizungulira inapatsidwa kwa mkulu wina wogwira ntchito m'boma ku Harare, pa ndondomeko ya A2, yogawa minda ikuluikulu. Analola makolo anga kukhalabe m'komboni malinga azigwira ganyu m'munda mwake, koma malipiro ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo patsogolo pake tinasamukira ku Epworth, m'mphepete mwa mzinda wa Harare. Zaka zoyamba nyumbayo inaonongeka, chifukwa magetsi anadulidwa, pampu ya pachitsime inabedwa, ndipo mbaula ya agogo inatulutsidwa panja n'kuchita dzimbiri. Mkuluyo atapuma pantchito anabwera kudzakhazikika ndi mkazi wake, ndipo lero denga lapakidwa utoto wobiriwira, pamwamba pake pali masola, ndipo mabalani awiri akufukanso utsi, pochiza fodya wawo ndi wa alimi a m'mapuloti.

Chaka chilichonse mvula isanagwe timapita ndi bambo kukalambula manda, ndipo poyamba timaima pakhomo kupempha chilolezo. Mayi wa m'nyumbamo, amene ndi munthu waulemu, amatilandira m'Chishona, ndipo ulendo wina anatiumiriza kuti tilowe tikamwe tiyi pabalaza. Bambo anazengereza pakhonde, ndipo ndinawauza kuti: "Bambo, tiyeni tilowe, atiitana." Anavula nsapato, analowa, nakhala m'mphepete mwa mpando, ndipo pomwa tiyiyo anawalangiza eni nyumba pamene padadutsa mipope ya madzi pansi pa simenti, pakuti anali atavutika nayo kwa nthawi yaitali osaipeza. Sabata yotsatira anawaitana kuti akaikonze, ndipo anawalipira bwino.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za moyo wathu ku Epworth, za nyumba yathu imene inagwetsedwa mu 2005 pa ntchito ya boma yogumula nyumba yotchedwa Murambatsvina, ndi za ulendo wa bambo wokasintha chitupa chawo malamulo atsopano a mu 2013 atawazindikira kuti ndi nzika ya Zimbabwe.