Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Nkhope ya Juan de Pareja

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinasiya kulemba zikwangwani za magolosale ku Ndirande, n'kuyamba kupita kwa bambo wina wachikulire wodziwa kujambula ndi penti wa mafuta. Iwo sankalola wophunzira kukhazika munthu wamoyo pampando asanakopere ntchito za akatswiri akale. Ankati: "Mwana wanga, munthu amatopa, amasuntha. Wa m'bukuyu akudikira mpaka maso ako atseguke."

Buku lawo linali lothothoka chikuto, lodzaza ndi zithunzi za azungu. Ndikutsegula masamba ndinapeza munthu wakhungu ngati lathu, tsitsi lambiri, kolala yoyera ya leisi paphewa, akundiyang'ana mosaopa. Anali Juan de Pareja, amene Diego Velázquez wa ku Spain anamujambula ku Rome mu 1650. Nthawi imeneyo Pareja anali kapolo wa Velázquez, ndipo ankagwira ntchito m'nyumba yake yojambuliramo. Chaka chomwecho Velázquez anasaina chikalata chomumasula, koma ufuluwo unayenera kudikira zaka zina zinayi. Pambuyo pake Pareja anakhala wojambula payekha, ndipo chithunzi cha kuitanidwa kwa Mateyu chimene anajambula mu 1661 chili m'nyumba yoonetseramo zithunzi ya Prado ku Madrid. Nkhope yake imene Velázquez anajambulayo ili ku Metropolitan Museum ku New York. Ndinati, "Bambo, ndiyambira ameneyu."

Tinayamba ndi kupaka chinsalu chonse penti woderapo wosungunula ndi turpentine, kuti kuyera kwa nsalu kusanamize maso. Kenako makala: mphumi, mzere wa mphuno, pamene khutu lakhala poyerekeza ndi diso. Bambo aja ankandigwiritsa chala pa tsaya langa lomwe kuti ndimve fupa, chifukwa kuwala kumatsata fupa. Penti woyamba amakhala wopyapyala, wa pamwamba ndiye wochuluka mafuta a linseed. Ukatembenuza dongosololi, wapamwambayo amang'aluka pouma. Ndipo kuuma kwake si kwa tsiku limodzi, zimene zinkandivuta ine wozolowera penti wa zikwangwani.

Chimene chinandigwira mtima ndi khungu. Pazikwangwani za malo ometera tinkatsegula chitini chimodzi cha bulauni, kupaka nkhope yonse, basi. Pa Pareja bulauni wotere mulibe. Pamphumi pali kuwala kopita kuchikasu, m'masaya muli kufiira ngati dothi la katondo, ndipo m'mithunzi ya m'mbali mwa nkhope muli kotuwa kogwirizana ndi khoma la kumbuyo kwake. Zonsezi ndinkazisakaniza kuchokera ku mitundu yochepa: woyera, wakuda, wachikasu wa dothi (yellow ochre) ndi wofiira wa dothi. Ndikaika kadontho koyera pansonga ya mphuno ndi m'diso, munthu uja ankadzuka pansalu.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaona. Malaya ake ndi ong'ambika pachigongono. Velázquez sanabise, ndipo inenso sindinabise. Zimandiwawa mpaka lero kuti amene anamuona bwino chonchi ndi yemweyo amene anali mwini wake.

Nditamaliza, bambo aja anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuloza dzanja lopinda pamimba kuti ndibwerezenso. Sabata yotsatira anandiuza kuti ndikapemphe agogo anga aamuna adzakhale pampando.