Tsiku la 40: m'kope langa la m'mawa mwayamba kuoneka zithunzi

Lero ndakwanitsa masiku 40 ndikulemba m'kope tsiku lililonse osadumphitsa. Ndinayamba chifukwa dzanja linali litauma. Kwa miyezi 8 mabulashi anangokhala m'chitini, utoto wina mpaka kuumira m'mabotolo. Ndikakhala pansi n'kuyala pepala, m'mutu munkangoti zii, ndipo zinkandipweteka mumtima chifukwa kujambula ndinayamba ndili mwana.

Ndimadzuka 5 koloko, n'kuteleka madzi a tiyi pambaula, ndipo asanawire ndimakhala nditadzaza tsamba limodzi. Kope lake ndi wamba, la ana asukulu, logula pa golosale ya kwathu kuno ku Kawale. Sabata yoyamba munali madandaulo okhaokha: lendi, kutopa, mantha oti luso linandithawa. Nditawerenganso masambawo, sindinapezemo kanthu n'kamodzi komwe koti munthu n'kukaona ndi maso. Ndiye pa tsiku la 9 ndinadziikira lamulo: ndisamalembe za mumtima, ndizilemba zinthu zitatu zimene ndinaona dzulo lake.

Lamuloli linandichotsa pa foni ndikakwera minibasi, chifukwa ndinkadziwa kuti m'mawa kope lindifunsa. Ndinayamba kuona mmene amayi a tomato ku msika wa Lizulu amapangira milu, wofiira kwambiri kumuika pamwamba kuti aziitana wogula. Ndinaona mmene anthu amasinthira mayendedwe akaponda timilatho tamatabwa towolokera ku msika wa Tsoka, mapazi motalikirana, katundu atamugwira ndi manja awiri. Malo amenewa ndadutsamo zaka zambiri, koma ndinkangodutsa.

Tsiku la 17 ndi limene sindidzaliiwala. Ndinkafuna kulemba za bambo wina amene ndinamuona pamsewu wa ku Likuni akukankha njinga yosenza matumba atatu a makala. Ndinalemba kuti "anawerama", n'kufufuta. Ndinalemba kuti "anatsamira", n'kufufutanso. Sanawerame ndipo sanatsamire. Thupi lonse linapendekeka molunjika kuyambira chidendene mpaka phewa, ngati mzati wochirikiza nkhokwe. Mawu atandithera, ndinatola khala pambaula n'kukoka mzerewo m'mphepete mwa tsamba. Kenako gudumu, kenako matumba. Tiyi anazizira ndisanamwe. Sindinakhale pansi n'cholinga chojambula, n'chifukwa chake mantha aja sanandipeze.

Makala a pambaula ndawaphunzira tsopano. Olimba, olira ngati chitsulo ukawagogoda, amakanda pepala ndipo amatulutsa mzere wotuwa. Opepuka, a mtengo wofewa, ndi amene amada bwino n'kulola kuwafalitsa ndi chala. Vuto lake amathimbirira tsamba loyandikana nalo, choncho ndimaika kapepala pakati ndisanatseke kope.

Loweruka lapitali ndinakwera basi kupita ku Dedza kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Malowa analowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 2006, ndipo derali lili ndi malo 127 a zojambula zotere. Zofiira, za mizeremizere ndi timabwalo, amati anajambula ndi Akafula. Zoyera, zokhala ngati nyama, ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti m'zoyerazo umachita kuona kuti munadutsa chala cha munthu chitaviikidwa m'dothi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Pobwerera ndinalemba masamba anayi mubasi, zilembo zokhotakhota chifukwa cha mabampu.

Pofika lero, mwa masamba onse ndalembawa, 19 ali ndi chojambula m'mphepete. Zitatu ndazisamutsira pa pepala lalikulu, ndipo chimodzi, cha bambo wa makala uja, ndayamba kuchipaka utoto. Sichinafike pomwe ndikufuna. Matumba akuoneka opepuka ngati muli thonje, ndipo ndikuganiza kuti cholakwika chili pa tayala lakumbuyo, lomwe ndalijambula lobulungira bwinobwino pomwe limayenera kuphwatalala pansi chifukwa cha kulemera. Masiku ouma akadalipo. Dzana ndinangolemba mizere isanu basi.

Mawa ndilawirira kukaima pamsewu wa ku Likuni cha m'ma 6 koloko, nthawi imene njinga za makala zimalowa m'tauni, kuti ndikaonetsetse tayalalo. Kope latsala ndi masamba 8, ndiye pobwerera ndigula lina.