Kwini wa Chisomo

Mukafika pa Kamuzu Road ku Salima n'kufunsa za bawo, anthu adzakulozerani ine. Ndadyera nkhomo madoda a imvi mpaka ena anasiya kudutsa pakhonde panga. Ndiye Chisomo, mwana wa mlongo wanga amene tikukhala naye chifukwa cha sukulu, atabwera ndi bolodi ya chess, ndinangoti: timitengo tosemasemati tingandivute ine?

Anandiphunzitsa kayendedwe ka hatchi, bishopu ndi enawo masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaitana anzanga a pabawo kuti adzaone. Apa mpamene ndinalakwitsa.

Chisomo anatenga zoyera. Anakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumu, ine chimodzimodzi. Kenako kwini wake uyo, ulendo mpaka pa kabokosi ka h5 (kabokosi kalikonse pabolodi kali ndi dzina la chilembo ndi nambala). Ndinaseka. Mfumukazi yanji yodzuka mamawa n'kumayendayenda m'mudzi mwa eni, anyamata ake ali mtulo? Ndinamuopseza ndi msilikali pa g6. Kwiniyo anangotsetsereka, kudya msilikali wanga wa pa e5.

"Cheki, amalume."

Nditatchinga mfumu, anadutsa chopingasa mpaka pakona, ruku wanga, kamtengo kooneka ngati nsanja kaja, n'kupita. A Phiri, mnzanga wa pabawo, anatsokomola, ngakhale analibe chifuwa.

Ndinati imeneyo inali yoyeserera. Masewera achiwiri ndinachenjera: kwini atafika pa h5 ndinatulutsa hatchi pa c6 kuti ilondere msilikali uja. Mwana anaika bishopu pa c4, ine osamulabadira, maso ali pa mayi uja basi. Ndinatulutsa hatchi inayo pa f6 kuti imuthamangitse, ndikuimba kamluzu. Kwini anatera pa f7.

"Chekimeti, amalume."

"Ndimudya ndi mfumu!"

"Simungathe. Bishopu akuyang'ana."

Kusuntha kanayi kokha. Tiyi amene mayi a kunyumba anandithirira anali asanazizire n'komwe.

Usiku umenewo bandulo yanga inathera pa YouTube. Kumeneko ndinamva kuti f7 ndi khomo lovunda: pamene masewera akuyamba, amene amalondera kabokosi kameneko ndi mfumu yokha, ndipo mfumu si mlonda. Ndinamvanso kuti Hikaru Nakamura, katswiri wa ku America, anatulutsa kwini motero mu 2005 polimbana ndi Krishnan Sasikiran wa ku India, ndipo anagonja. Mtima unakhala pansi. Ngati anamukwanitsa Nakamura, kuli bwanji mwana wa Sitandade 6 amene ndimamugulira ine makope? Mankhwala ake ndi atatu: hatchi pa c6, msilikali pa g6 bishopu akangotuluka, ndiye kwini akabwerera pa f3, hatchi inayo pa f6 kutseka njira. Zikatero kwini wangotaya nthawi, iwe anyamata ako adzuka. Ndinalemba zonse m'chikhatho ndi bolopeni.

Mawa lake ndinaitananso madoda aja, ndipo ndinabetcha. Ndikawina, Chisomo atsuka njinga yanga mwezi wathunthu. Akawina iye, ndimunyamula panjingayo kupita kusukulu sabata yonse.

Koma amene anakhalapo ku Salima mu Okutobala akudziwa. Dzuwa lake limatuluka ngati lili ndi ngongole nawe, ndipo ka mphepo ka ku Senga Bay sikafika kuno. Ndinakhala nditafumbata dzanja kuti mwana asaone chinsinsi.

Kwini pa h5. Ndinasuzumira m'dzanja: c6. Bishopu pa c4. Ndinasuzumiranso: g6. Kwini anabwerera pa f3, ndipo ndinaimirira.

"Mwaona a Phiri? Wathawa! Uzani anthu!"

Nditakhala pansi ndinatambasula dzanja kuti ndione mankhwala achitatu. Munali dziwe la buluu. Thukuta linali litadya mzere womaliza, kungotsala kachinthu kooneka ngati hatchi, kapena nkhuku. Chabwino, hatchi. Koma iti, ipite kuti? Ndinayang'ana pabolodi ndipo ndinaona kuti hatchi ya pa c6 ikadumphira pa d4, ikhala ikuloza kwini. Magazi a bawo anabwera: ukaona chodya, usachedwe. Ndinaiponda mwamphamvu mpaka asilikali ananjenjemera.

Chisomo anandiyang'ana mwachisoni ndithu.

"Amalume, mwatsimikiza?"

"Sewera iwe."

Pa f7 pomwe paja. Bishopu yemwe uja, ali phee pa c4 ngati sakudziwa kanthu.

A Phiri sanatsokomole ulendo uno. Anagwa pabenchi. Ine ndinapukuta nkhope ndi dzanja, kuiwala kuti ndi lomwe lija, ndiye ndinatsala wabuluu kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano.

"Koma mwayesetsa lero amalume," anatero mwanayo akulongedza bolodi. "Mwafika kasanu."

Lolemba m'mawa ndinamukweza pakaliyala, yunifolomu yositidwa bwino, chikwama pamiyendo. Tikudutsa pa siteji ya akabaza, mnyamata wina anakuwa kuti mdala ndalowa liti ntchitoyi osalembetsa. Ndisanayankhe, mayi wina wa dengu la tomato anandikodola kuti ndikamutsitsa mwanayo ndibwerere, akupita kumsika.