Chenji cha koyilo

Mnzanga wina m'kalasi lathu la zamagetsi kuno ku Salima watisowetsa mtendere ndi kakanema ka pafoni. Kamota kakuyendera batire imodzi uku kakutchaja ina, mwiniwake n'kumati watulukira magetsi aulere. Aphunzitsi sanatsutse, angotipatsa koyilo (waya wokulungiza), diode (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) ndi capacitor (kachipangizo kosungira magetsi kwa kanthawi) n'kuti, "Kawerengereni nokha."

Ukalowetsa magetsi m'koyilo, gawo lina la mphamvu limasungika m'maginito amene amabadwa mozungulira waya. Kuchuluka kwake ndi ½LI², pamene L ndi inductance ya koyiloyo (kutha kwake kusunga mphamvu m'maginito) ndipo I ndi current, kuchuluka kwa magetsi odutsamo. Koyilo ya L ya 10 mH (0.01 henry) yodutsamo 2 A imasunga 0.02 J (ma joule, muyeso wa mphamvu) basi. Ukadula magetsiwo mwadzidzidzi koyilo imakana, monga likunenera lamulo la Lenz la 1834, ndipo imalavula mavoti mazanamazana ngakhale batire ili ya 12 V. Magalimoto ambiri a petulo amapezera pomwepa moto wa pa pulagi. Anthu akaona mavotiwo mitu imawazungulira, osaona kuti akhalapo kanthawi kochepa zedi.

Kubweza mphamvuyo n'kotheka ndithu. Diode imailondolera ku capacitor kapena ku batire m'malo moti iotche transistor, kaswitchi koyatsa ndi kuzimitsa koyiloyo. Koma chimenecho ndi chenji cha ndalama yako yomwe, ndipo wogulitsa usipa ku Senga Bay sangakubwezere zoposa zimene wamupatsa.

Chandigwira mtima ndi kumene mphamvu yotsalayo imathera. Waya wa kopa amatentha molingana ndi I²R (R ndi resistance, kukaniza magetsi kwa wayayo), kotero ukachulukitsa current kawiri, kutenthako kumachuluka kanayi. Kopa akatentha resistance yake imakweranso, pafupifupi 0.4% pa digiri iliyonse. Koyilo yochoka pa 20 kufika pa 60 °C yaonjezera kale pafupifupi 16%, ndiye tangoganizani mota yogwira ntchito m'shedi yamalata ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno. Chitsulo cha pakati nachonso chimadya yake: mumazungulira timagetsi tosafunika, n'chifukwa chake ukaphwasula thiransifoma yakale umapeza timapepala tachitsulo tosanjikizana, osati chitsulo chimodzi chathunthu. Diode ya silicon imadulako 0.7 V. Ndipo mota ikamakoka katundu, ntchito ya pa shafiti imatuluka m'thumba lomwelo, sibwereranso ku batire.

Mnzanga uja amaloza multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, yoonetsa kuti batire yachiwiri yakwera. Ine ndikuti batire ikangochoka potchaja imaonetsa mavoti okwera amene amatsika ikapuma, ndipo multimeter wamba satha kutsatira magetsi odumphadumpha otere. Capacitor ndiyo yosavuta kuikhulupirira, chifukwa mphamvu yake ndi ½CV² (C ndi kukula kwa capacitor, V ndi mavoti). Ya 1000 µF (0.001 farad) ikachoka pa ziro kufika pa 20 V yalandira 0.2 J, zomwe koyilo yathu ija ingapereke itayatsidwa ndi kuzimitsidwa kakhumi popanda chotayika. Tagwirizana kuti Lolemba tiwerenga kuti itenga kangati, woluza agula mandasi.